Malo okhala otchingidwa ndi mpanda

Malo okhala otchingidwa ndi mpanda ndi dera lomwe nyumba zambiri zimazunguliridwa ndi mpanda umodzi, ndipo munthu amalowa kapena kutuluka kudzera pa geti pomwe pamakhala mlonda. Pachingerezi malo otere amatchedwa gated community. Misewu, magetsi a mumsewu ndi mabwalo osewerera ana omwe ali mkati mwa mpandawo amagwiritsidwa ntchito ndi eni nyumba ndi alendo awo okha. Okhalamo amapereka ndalama mwezi ndi mwezi zolipirira alonda, kukonza misewu ndi kutaya zinyalala, ndipo nthawi zambiri amakhala anthu opeza bwino.

Ku Malawi malo a mtundu umenewu ndi ochepa. Chofala kwambiri ndi madera omwe anthu amawatchula kuti kumayadi, komwe misewu ndi ya aliyense koma nyumba iliyonse ili ndi mpanda wakewake, geti lachitsulo komanso mlonda. Anthu ochita kafukufuku pa za malo otere amasiyanitsa zinthu ziwiri: kuchuluka kwa umbanda womwe umachitikadi, ndi mmene okhalamo amadzionera kuti ndi otetezeka. Zinthu ziwirizi sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Mitundu yake

M'chaka cha 1997, Edward Blakely ndi Mary Gail Snyder a ku United States analemba buku lotchedwa Fortress America, momwe anagawa malowa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la malo omwe anthu amapitako chifukwa cha zosangalatsa monga bwalo la gofu kapena dziwe losambira. Gulu lachiwiri ndi la malo oonetsa ulemerero, komwe geti limauza wodutsa kuti kuno kumakhala anthu a ndalama. Gulu lachitatu ndi la madera omwe kale anali otseguka, koma okhalamo anagwirizana zotseka misewu chifukwa choopa mbava.

Kummwera kwa Africa kuli mtundu winanso wakale, womwe ndi nyumba zomwe kampani imamangira antchito ake mkati mwa esiteti kapena pafupi ndi mgodi. Ku Malawi chitsanzo chake ndi nyumba za m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota.

Chiyambi chake m'mayiko ena

Kumanga mpanda kuzungulira mudzi si chinthu chatsopano. Dzina loti Lilongwe silichokera ku mpanda, koma mawu oti linga amadziwika m'madera ambiri a Malawi, ndipo amanena za mpanda wolimba womwe anthu ankamanga pothawa nkhondo ndi ogwira akapolo m'zaka za m'ma 1800. Kusiyana kwake n'koti linga linkateteza mudzi wonse, wolemera ndi wosauka yemwe, pamene mpanda wa masiku ano umalowetsa okhawo omwe angathe kulipira.

Ena mwa malo oyamba a mtundu wamakono ndi Llewellyn Park ku New Jersey, womwe unayamba m'zaka za m'ma 1850, ndi Tuxedo Park ku New York wa m'chaka cha 1886. Ku Brazil, dera la Alphaville pafupi ndi mzinda wa São Paulo linayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1970. Ku South Africa malowa anachuluka kwambiri ulamuliro wa tsankho utatsala pang'ono kutha komanso utatha mu 1994. Kumpoto kwa Johannesburg kuli Dainfern ndi Steyn City, yomwe inatsegulidwa mu 2015, ndipo onse awiriwa ali pafupi ndi Diepsloot, komwe kumakhala anthu ambiri osauka. Ku Harare kuli Borrowdale Brooke. Ku Lusaka, komwe anthu amasiyanitsa kumayadi ndi kukomboni, nyumba za m'mipanda zafalikira ku Kabulonga, Ibex Hill ndi m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill.

Mbiri ya kumayadi ku Malawi

Kugawa mzinda kukhala mbali ya olemera ndi mbali ya osauka kunayamba m'nthawi ya atsamunda. Mzinda wa Blantyre unayamba ndi mishoni ya Church of Scotland mu 1876, ndipo kampani ya African Lakes inamanga nyumba ya Mandala mu 1882. Tauni itayamba kukula, azungu anatenga mapoloti akuluakulu m'malo okwera ngati Sunnyside, Mount Pleasant ndi Namiwawa. Amwenye ankakhala pafupi ndi masitolo awo, ndipo Amalawi ambiri omwe ankagwira ntchito m'tauni ankagona m'midzi ya kunja kwa malire a tauniyo, monga ku Ndirande. Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa kukhala tauni imodzi mu 1956.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nyumba zambiri za kumayadi zinapita m'manja mwa akuluakulu a boma, a makampani ndi amalonda, koma kagawidwe ka malo sikanasinthe. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka chomwecho, linapitiriza kugawa madera potengera kukula kwa mapoloti. Ku Lilongwe, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndipo pulani yoyamba ya mzindawo inajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, madera a mapoloti akuluakulu monga Area 10, Area 12 ndi Area 43 anali pafupi ndi maofesi a boma, pamene madera a anthu wamba monga Area 25 anaikidwa patali.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe munali anthu 989,318 ndipo mumzinda wa Blantyre munali anthu 800,264. M'mizinda iwiri yonseyi anthu oposa theka amakhala m'madera othithikana omwe sanamangidwe motsata pulani. Madera amenewa nthawi zambiri amagundana ndi kumayadi: Ndirande ndi Nyambadwe, Mtandire ndi Area 47, Kauma ndi Area 12. Kuyandikana kumeneku kuli ndi chifukwa chake, popeza anthu ogwira ntchito m'nyumba za kumayadi amafuna malo a lendi yotsika komwe angathe kuyenda wapansi popita kuntchito.

M'zaka zaposachedwapa kwayamba kumangidwa nyumba zambiri za pamalo amodzi zogulitsa kapena kuchititsa lendi. Chitsanzo chodziwika ndi Guoji Dream Town ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe, yomwe inamangidwa ndi kampani ya ku China ya Henan Guoji mogwirizana ndi Malawi Housing Corporation. Palinso timagulu ta nyumba zochepa za mumpanda umodzi, tomwe timabwerekedwa kwambiri ndi antchito a mabungwe akunja ndi a maofesi a akazembe.

Kukwera kwa mipanda

Anthu achikulire a ku Blantyre ndi ku Zomba amakumbukira nthawi yomwe nyumba zambiri za kumayadi zinkangozunguliridwa ndi mitengo ya maluwa kapena waya wamfupi. Mipanda ya njerwa inayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1990, pomwe zinthu zingapo zinasintha nthawi imodzi. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, ndipo mfuti zina zomwe zinatsala zinalowa m'mayiko oyandikana nawo. Mu December 1993 asilikali a Malawi analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa zomwe zinatchedwa Operation Bwezani. Chisankho cha zipani zambiri chitachitika mu 1994, apolisi anayenera kuphunzira kugwira ntchito molemekeza ufulu wa anthu, ali ndi galimoto ndi zipangizo zochepa. Manyuzipepala ndi mawailesi omwe anayamba nthawi imeneyo ankalengeza nkhani za umbanda momasuka, zomwe kale sizinkamveka.

Anthu ena amanena kuti nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda kunali chitetezo chokwanira. Ena amayankha kuti bata la nthawi imeneyo linkayendera limodzi ndi mantha a mtundu wina, popeza munthu ankatha kumangidwa popanda mlandu. Mkangano umenewu ukusonyeza kuti mawu oti chitetezo satanthauza chinthu chimodzi kwa anthu onse.

Boma linayambitsa ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la mu 2010 linaikamo ndondomekoyi. Pa nthawi yomweyo makampani a alonda anachuluka. Ena ndi akunja monga G4S ndi GardaWorld, ndipo ena ambiri ndi a Amalawi.

Moyo wa mkati mwa mpanda

Nyumba ya kumayadi imatetezedwa m'magawo angapo. Kunja kuli mpanda wa njerwa wotalika kuposa munthu, ndipo pamwamba pake pamakhala mabotolo osweka, waya waminga kapena waya wamagetsi. Pa geti pamakhala kanyumba ka mlonda. M'mawindo ndi m'zitseko mumakhala zitsulo. Mabanja ena amaweta agalu, amaika makamera, kapena amalipira kampani yomwe imatumiza galimoto ya alonda alamu ikalira.

Chitetezo si chokhacho chomwe chimakopa anthu. Mabanja ambiri a m'mipanda ali ndi thanki yosungira madzi, mjigo wawowawo, jenereta kapena sola, kotero magetsi akazima kapena madzi akasiya kutuluka m'mipopi savutika ngati anzawo. Okhalamo amayamikiranso bata, malo oimikapo galimoto, ndi bwalo loti ana asewere osaopa galimoto za mumsewu.

Moyo umenewu uli ndi zovuta zake. M'mudzi kapena m'tauni yothithikana, mlendo amangofika pakhomo n'kunena kuti odi. Kumayadi amayamba wagogoda pa geti, kufotokoza kwa mlonda, ndi kudikira kuti a m'nyumba avomere. Abale ochokera kumudzi nthawi zina amaona ngati akukanidwa, ndipo nkhani zotere zimabweretsa kusamvana m'mabanja. Anthu oyandikana nyumba amatha kukhala zaka osadziwana mayina. Pakagwa maliro, omwe m'madera ena amasonkhanitsa anthu onse oyandikana, kumayadi amene amabwera kwambiri ndi a kumpingo, a kuntchito ndi achibale. M'madera ambiri magulu a pa WhatsApp ndiwo alowa m'malo mwa kucheza pa mpanda, ndipo nkhani zambiri zomwe zimatumizidwa m'magulumo ndi machenjezo a mbava.

Alonda ndi antchito

Chitetezo cha mkati mwa mpanda chimadalira anthu omwe amakhala kunja kwake. Mlonda, wosamalira maluwa, wophika ndi wolera ana amachokera m'madera othithikana kapena m'midzi yozungulira mzinda. Alonda ambiri amagwira ntchito kuyambira madzulo mpaka m'mawa, ali ndi tochi, wenzulo ndi chibonga basi, ndipo mbava zikabwera iwowo ndi amene amayamba kukumana nazo. Mu February 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi, ndipo a antchito a m'nyumba pa K52,000, patangopita miyezi yochepa ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Ubale wa bwana ndi wantchito umakhala wodalirana komanso wokayikirana. Katundu akasowa m'nyumba ya mpanda wautali, oyamba kuganiziridwa ndi antchito, chifukwa ndiwo amadziwa makiyi ndi nthawi yomwe eni nyumba sakhalapo. Nthawi zina mlandu umakhaladi wawo, koma nthawi zina munthu wosalakwa amachotsedwa ntchito kapena kutsekeredwa m'chitokosi. Mlonda yemwe amachezera usiku wonse pa geti la munthu wina amasiya banja lake m'nyumba yopanda mpanda.

Amalawi ambiri omwe anapita ku South Africa amagwiranso ntchito za mtunduwu m'maesiteti a ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town. Kumeneko wantchito amalembetsa pa geti, ndipo m'malo ena amaonetsa chiphaso kapena kudinda chala asanalowe.

Umbanda weniweni ndi mantha

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana sagwirizana pa funso loti mpanda umachepetsa umbanda kapena ayi. Mu 2000, Georjeanna Wilson-Doenges anayerekeza madera a mpanda ndi opanda mpanda ku California. Anapeza kuti anthu olemera a m'mipanda ankadziona otetezeka kwambiri kuposa anzawo, ngakhale kuti chiwerengero cha milandu sichinkasiyana kwenikweni, komanso kuti umodzi pakati pawo unali wochepa. Kafukufuku wa Lynn Addington ndi Callie Marie Rennison, wogwiritsa ntchito ziwerengero za dziko lonse la United States, anapeza kuti nyumba za m'mipanda sizithyoledwa kawirikawiri poyerekeza ndi zina. Koma ku Tshwane m'dziko la South Africa, Gregory Breetzke ndi Ellen Cohn anapeza zosiyana, zoti madera a mpanda anali ndi milandu yambiri yothyola nyumba.

Setha Low, yemwe anacheza ndi mabanja a m'mipanda ku New York ndi ku Texas n'kulemba buku la Behind the Gates mu 2003, anaona kuti mantha sathera pa geti. Ambiri ankaopabe antchito obwera kudzakonza zinthu, ndipo ana ena ankakula akuopa anthu osafanana nawo. Teresa Caldeira, m'buku lake la City of Walls la mu 2000 lonena za São Paulo, anafotokoza kuti kukamba nkhani za umbanda mobwerezabwereza kumakulitsa mantha, ndipo manthawo amapangitsa anthu kumanga mipanda ina.

Pali zifukwa zomveka zomwe mpanda ungathandizire komanso zomwe ungapwetekere. Mpanda umaletsa wakuba wongodutsa yemwe akanatola zovala pa chingwe kapena njinga pakhonde. Koma mbava zokonzekera zikalowa, mpanda womwewo umazibisa, chifukwa woyandikana naye saona kapena kumva zomwe zikuchitika. Jane Jacobs analemba mu 1961 kuti msewu umakhala wotetezeka pamene pali anthu ambiri ouyang'ana kuchokera m'mawindo, m'makonde ndi m'masitolo. Msewu wa mipanda mbali zonse ziwiri umasowa anthu otere, ndipo woyenda pansi madzulo, yemwe nthawi zambiri amakhala wantchito wobwerera kwawo, ndi amene amakhala pangozi. Malo ena oopsa ndi pa geti penipeni, pomwe galimoto imaima kudikira kuti atsegule.

Mantha amathanso kupweteka munthu wosalakwa. Pa 26 February 2012, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Trayvon Martin anaomberedwa ndi George Zimmerman, wa gulu loyang'anira chitetezo, mkati mwa malo a mpanda ku Sanford m'chigawo cha Florida. Mnyamatayo analibe chida ndipo ankabwerera ku nyumba yomwe anafikira. Khoti linamasula Zimmerman mu 2013, ndipo nkhaniyi inabutsa mkangano waukulu wokhudza tsankho.

M'midzi ya boma la Blantyre

Boma la Blantyre lili ndi mbali ziwiri, mzinda ndi midzi. M'madera monga Madziabango, Chileka ndi Lirangwe anthu ambiri ndi alimi ndi ochita malonda ang'onoang'ono, ndipo mpanda wodziwika ndi wa udzu, bango kapena mitengo. Ntchito yake yaikulu ndi kutchinga bafa, ziweto ndi maso a odutsa. Izi sizitanthauza kuti kumudzi kulibe umbanda. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2003, n'kutulutsa zotsatira zake mu lipoti la Crimes of Need, anapeza kuti milandu yofala kwambiri ku Malawi inali kuba mbewu m'munda ndi kuba ziweto. Banja lomwe laberedwa chimanga chosakolola kapena mbuzi ziwiri limatha kugona ndi njala kwa miyezi, pamene banja lolemera likaberedwa wailesi ya kanema limagula ina. N'chifukwa chake mabanja ambiri anasiya nkhokwe za panja n'kuyamba kusunga chimanga m'matumba m'nyumba, ndipo ena amagoneka mbuzi m'nyumba momwemo.

Chitetezo cha kumudzi chimadalira kudziwana. Mlendo amaonekera msanga, mfuu ikamveka usiku anthu amatuluka, ndipo milandu ing'onoing'ono imakambidwa kwa mfumu. Magulu achitetezo a m'mudzi amayendera usiku mogwirizana ndi apolisi. Njira imeneyi nayo ili ndi ngozi yake, yomwe ndi kulanga munthu popanda kumutengera kukhoti. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Apa napo mantha anakula kuposa umboni, ndipo amene anavutika kwambiri anali alendo.

Mzinda ukukula kulowera m'midzi. M'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka, ku Lunzu ndi ku Mpemba, anthu a m'tauni akugula mapoloti, ndipo ambiri amayamba kumanga mpanda nyumba isanayambe n'komwe, pofuna kuteteza malire ndi zipangizo zomangira. Izi zimabweretsa maganyu a zomangamanga ndi ulonda, koma zimatsekanso tinjira takale topita kumjigo, kudimba, kusukulu kapena kumanda. Malo ambiri otere ndi a makolo, omwe amayendetsedwa ndi lamulo la Customary Land Act la mu 2016, ndipo mikangano imabuka pamene wina wagulitsa munda wa banja abale ake osadziwa.

Malamulo ndi mikangano

Gawo 39 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'dziko muno, pamene gawo 28 limateteza ufulu wokhala ndi katundu. Munthu akamanga mpanda pa poloti yake palibe vuto, bola atsate malamulo a khonsolo. Funso limabuka pamene anthu atseka msewu womwe unamangidwa ndi ndalama za msonkho. Ku South Africa, chigawo cha Gauteng chinakhazikitsa lamulo mu 1998 lolola anthu kupempha chilolezo chotchinga misewu ya m'dera lawo, koma bungwe loona za ufulu wa anthu la dzikolo linamva madandaulo pa nkhaniyi ndipo linanena kuti silikugwirizana ndi mageti otere.

Ogwirizana ndi malo a mpanda amanena kuti munthu ali ndi ufulu woteteza banja lake, kuti malowa amapereka ntchito, komanso kuti amapeputsa khonsolo chifukwa okhalamo amadzikonzera okha misewu. Otsutsa amanena kuti mbava zimangosamukira kwa anthu omwe sangakwanitse kulipira mlonda. Amanenanso kuti anthu omwe mawu awo amamveka ku boma akadzipezera okha madzi, magetsi ndi chitetezo, sakhalanso ndi chidwi chokakamiza kuti polisi ndi khonsolo zizigwira bwino ntchito kwa aliyense.

Ngozi zomwe mpanda sutchinga

Nkhanza za m'banja ndi kuzunza ana kapena antchito zimachitikira mkati mwa nyumba, ndipo mpanda wautali umatha kuzibisa. Moto ukabuka, zitsulo za m'mawindo ndi zitseko zokiya kawiri zimachedwetsa anthu kutuluka. Mpanda wa njerwa womangidwa popanda maziko olimba ndi mabowo otulutsira madzi umagwa nthawi ya mvula, ndipo umatha kugwera nyumba kapena anthu a kunja kwake.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo anthu ambiri anafa ku Chilobwe ndi m'madera oyandikana nawo. Ngoziyi inakhudza kwambiri mabanja omwe anamanga m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa mitsinje chifukwa chosowa malo ena otsika mtengo. Misewu, milatho, mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi zomwe zinaonongeka nthawi imeneyo zinali zogwiritsidwa ntchito ndi anthu a mbali zonse za mzinda wa Blantyre, a kumayadi ndi a m'madera othithikana omwe.